Wosoka Zipewa Amene Sankadziwa Kusambira

Kwathu ku Punta Chiara ukhoza kukhala wakuba, chidakwa, ngakhale munthu wosaponda kutchalitchi, anthu adzakupatsabe moni pamsewu. Koma ukakhala wosadziwa kusambira, aaa, bola ungomanga katundu. Mwana wa kuno amaponyedwa padoko ndi bambo ake mano asanathe kumera, mayi ake ali pambali kukuwa, ndipo akayandama timati eya, uyu ndi wathu. Tauni yathu inapanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, malo oti n'kuikapo bwalo la mpira wamiyendo palibe. Ndiye mpira wathu ndi wam'madzi. Umenewo ndi umene timatukwanirana, kulirira, ena mpaka kuthetsera maukwati.

Tsono tangoganizani, abale. Munthu amene anatumikira timu yathu kuposa wina aliyense, a Ermete Olcese, madzi ankawadziwira m'kapu ndi m'bafa basi.

Mlandu sunali wawo kwenikweni. Iwo anabadwira kumtunda, kumapiri kuja kumene kamtsinje kake ngakhale mphaka amawoloka osanyowa mimba. Anatsikira kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito yokanda ufa wa fokacha, buledi wamafuta wa kuno, kophikira buledi kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko ndi kumene anaona Nives, mwana wa msodzi Prospero, akubwera kudzagula buledi m'mawa uliwonse, ndipo mutu unawazungulira. Atapita kukadzionetsa kwa makolo, mkulu uja sanafunse za malipiro, sanafunse za abale. Anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe wakumapiri, umasambira?"

Nives anali akusuzumira kuseri kwa katani. Mnyamata akanatani?

"Ngati nsomba, bambo."

Bodza limeneli analinena tsitsi lili bii, ndipo linawakwera pamsana mpaka imvi mbuu.

Mwina mukufunsa kuti munthu angabise bwanji chinthu chotere m'tauni yoti ngakhale agalu amapikisana kusambira. Apa ndiye muwapatse ulemu a Ermete. Kuno aliyense anaphunzitsidwa ndi amayi ake kuti munthu amene wangodya kumene salowa m'madzi mpaka chakudya chitatsika. Ukalowa, m'mimba mumauma gwa, n'kumira pompo. Madokotala ena amati n'zabodza, koma madokotala omwewo akapita kunyanja amadikiranso. Lamulo limeneli a Ermete analigwira ndi manja awiri. M'thumba mwawo simunkasowa chidutswa cha fokacha chokulunga m'pepala lonona mafuta. Wina akangoti, "A Ermete, kwatentha, tiyeni tikadumphe," iwo ankatulutsa chidutswa chija n'kuluma.

"Kalanga ine, ndangodya kumene. Tsogolani, ndikupezani."

Palibe ankawakakamiza, poti ndani angafune kupha munthu? Chaka ndi chaka, nyengo yotentha iliyonse, a Ermete anali atangodya kumene. Anabwera kuno ali woonda ngati bango. Pofika zaka zimene ndikunenazi anali atazungulira ngati mtsuko, lamba akuchita kupangitsa kwa wosoka nsapato.

Ku timu anawalowetsa ndi apongozi awo omwewo, ponyadira mkamwini wosambira ngati nsomba. Ukaipa dziwa nyimbo. A Ermete anayang'ana uku ndi uku, naona kuti pali ntchito imene aliyense ankaithawa, ndipo anaitola msangamsanga: kusoka zingwe za zipewa zimene osewera amamanga kuchibwano, kuchapa mikanjo yopukutira, kupopa mipira, ndi kusoka makabudula. Makabudula! Inu oonera muli pamwamba mumangoona mitu ndi manja, n'kumati ndi masewera aulemu. Pansi pa madzi pamakhala nkhondo imene woyimbira saiona, kukokana, kupondana, kutsinana, ndipo kabudula amene walowa wathunthu amatuluka ali nsanza. A Ermete ankamutambasula padzuwa ngati dokotala akuona chilonda.

"Uku ndi kung'amba kwa anthu akumwera uku. Akumpoto amayambira kumbuyo."

Ndiye pokalipa, mayo ine! Ankaima m'mbali mwa dziwe, koma chapatali ndithu ndi pamene payambira madzi, manja m'chiuno, n'kumakuwa.

"Miyendo, iwe! Miyendo! Ukusambira kapena ukukoka ngolo? Ine pa msinkhu wako..."

Mawu amenewo sankawamaliza, ndipo anyamata ankawamalizira okha. Panamveka mphekesera yakuti ali mnyamata anasambirapo mpaka kuchilumba chakutali cha Corsica. Ena ankati anabwerera tsiku lomwelo chifukwa anaiwala buledi mu uvuni. A Ermete akafunsidwa ankangoyang'ana kunyanja n'kupumira m'mwamba.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawasowetsa mtendere. Mu ligi yaikulu, timu ikatenga chikho, aliyense wa timuyo amaponyedwa m'dziwe ndi zovala zomwe, kuyambira kochi mpaka wosesa. Ndipo dziwe la mpira wam'madzi si la ana ayi, lilibe poponda, paliponse madzi amapitirira mutu wa munthu. Mwayi wawo unali woti timu yathu inali ya pakatikati. Chikho chinkapita kwa anansi athu a ku Recco, chaka chino, chaka chamawa, mpaka tinaleka kudabwa. Chikatopa kumeneko chinkakacheza ku Napoli, ku Savona kapena ku Brescia. Ife tinkangochionera m'nyuzipepala. Timuyo a Ermete ankaikonda ndi mtima wonse, pamenepo asakunamizeni munthu, tikagonja ankalira misozi yeniyeni. Koma Lamulungu lililonse akagwada, pemphero lawo linali lomwelomwelo.

"Ambuye, anyamatawa muwadalitse. Muwapatse nambala yachitatu. Yachiwiri ngati mwakondwa kwambiri. Koma chonde musapitirire pamenepo."

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka china kaputeni wathu anali Loris Dapelo, chimphona cha mnyamata chimene a Ermete anayamba kuchimanga chipewa chili kamwana ka mamina. Tinapambana masewera oyamba, anthu anati ndi mwayi. Tinapambananso, anati adani akudwala chimfine. Pofika kumapeto kwa ligi panalibenso wonena za mwayi: tinali mu fainolo ndi timu ina ya ku Napoli, ndipo masewera otsiriza anali odzachitikira padziwe lathu lomwe, pafupi ndi doko. Tauni inapenga. Mbendera zinali pazenera lililonse, ometa tsitsi ankameta anthu mokhota chifukwa chokangana za zigoli. A Ermete okha ndiwo anali khuma. Kwa nthawi yoyamba anthu anawaona akuyenda pamsewu pakamwa pali duu, osatafuna.

Tsiku lina m'chipinda chovalira, Loris anawakumbatira ndi mkono wake wonyowa.

"Madala, tikatenga chikho, kochi amuponye ena. Inu ndikuponyani ndekha, ndi manja angawa. Tauni yonse ikufuna kuona kasambiridwe ka ku Corsica."

"Tsiku limenelo ndidzakhala nditadya, mwana wanga. Ukudziwa kuti ndikada nkhawa ndimadya kwambiri."

"Aaa, madala, tsiku la chikho lamulo limenelo siligwira ntchito. Ngakhale mutameza ng'ombe ndi nyanga zomwe, mukulowa basi!"

Anyamata onse anaomba m'manja. A Ermete anaseka nawo mokakamiza.

Anaganiza zophunzira kusambira mobisa. Anauza Nives kuti akupita ku Genova kukagula ulusi, n'kukwera basi yopita kutauni ina kuseri kwa mapiri kumene panalibe wowadziwa. Padziwe lakumeneko anawaika m'gulu la amayi okalamba ochita mafizo a m'chiuno. Anatsika makwerero atagwira chitsulo ndi manja onse, madzi m'mawondo, madzi m'chiuno, madzi pamchombo. Atangoti ayese kusiya dzanja limodzi, anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Eee! Si a Ermete awa? Mwadzatani kuno kwa ife opunduka?"

Anali mlongo wake wa tcheyamani wa timu yathu, mayi woti nkhani akaimva m'mawa, pofika masana yafika kale kwa asodzi ali pakati pa nyanja.

"Ndikuyeza madzi, mayi," anatero a Ermete, osaphethira. Anatunga pang'ono m'dzanja, n'kununkhiza, n'kupukusa mutu. "Mankhwala achuluka. Anyamata athu sangaphunzirire muno." Anatuluka mwaulemu, ndipo atangokhota pakona anathamanga mpaka pokwerera basi, tsitsi lili louma.

Anayesanso kunyumba. Nives atapita kumsika, anatenga mpando wopanda choyedzamira, n'kuugonera chafufumimba pakati pa khitchini, miyendo ikupalasa m'malere, manja akupalasa, mutu ukutembenukira uku ndi uku kukoka mpweya monga ankaphunzitsira ena. Anali atafika patali ndithu, mwina pakati pa doko, pamene anaona nsapato za akazi awo pakhomo.

"Msana," anatero a Ermete. "Adokotala anati ndizichita chonchi."

Nives anaika dengu la nsomba patebulo.

"Mukafika kutsidya mundibwezere mpandowo, ndikufuna kusenda mbatata."

Satana naye sanagone. Kutatsala pang'ono kuti tsikulo lifike, a Ermete akusoka chipewa cha Loris, maganizo ena anawabwerera. Chingwe atachisoka mosalimba, chikhoza kuduka pa nthawi yoipa, mnyamata n'kusokonezeka, mpira umodzi n'kutayika. Mpira umodzi wokha. Nambala yachiwiri si yoipa, ena amaifuna osaipeza. Anachigwira chipewacho, nachitembenuza, nakumbukira kamutu kamene kankalowa m'chipewa chonga chomwechi mpaka kubisa maso. Anachita manyazi mpaka makutu kutentha. Anasoka chingwecho kawiri, n'kubwerezanso kachitatu, mwakuti pochivula madzulo ake Loris anachita kudula ndi lumo.

Tsiku la fainolo dzuwa linawala ngati lalipidwa. Anthu anadzaza mipando, makhonde, madenga, ena anakwera mabwato padoko kuti azimvera phokoso lokha. A Ermete anavala malaya awo abwino, poganiza kuti munthu ngati akufa afe waukhondo. Mano awo oikirira anawakulunga m'kansalu n'kuwasiya m'chipinda chovalira, kuopa kuti angakatsale pansi pa dziwe anthu n'kumawaseka ali maliro.

Za masewerawo sindinena zambiri, poti aliyense kuno amawafotokoza mwakemwake ndipo onse amanama. Chimene tikugwirizana n'chakuti zigoli zinali zofanana nthawi ikutha, mpira unafika kwa Loris ali ndi munthu wa ku Napoli pamsana ndi wina atamukoka kabudula mpaka m'mawondo, ndipo iye osatembenuka n'komwe anauponya chakumbuyo. Ukonde unagwedezeka. Wezulo inalira. A Ermete analumpha, thupi lonse lija, akukuwa ndi nkhama zokhazokha.

"Mwana wanga! Mwana wanga ameneyo! Tatenga! Tatengaaa!"

Kenako anamva mawu awo omwe, ndipo anakumbukira zoponyedwa m'dziwe zija.

Woyamba kulowa anali kochi, chubwi! Kenako tcheyamani ndi suti yake yatsopano, akukuwa kuti wina amugwirire wotchi. Dokotala wa timu, chubwi! Bambo mfumu Don Fulvio, amene anangobwera kudzadalitsa, anawanyamula anthu anayi, ndipo mkanjo wawo wakuda unafufuma pamadzi ngati ambulera. Woyendetsa basi ya timu, mayi wogulitsa matikiti, wosesa, onse chubwi, chubwi. Anyamata ankatuluka m'madzi, kugwira munthu, kuponya, kubwereranso. A Ermete anaima pamalo awo a masiku onse, mulu wa mikanjo uli m'manja, natsinzina. Anapemphera pemphero la olapa. Anamva mapazi onyowa akubwera, phwa, phwa, phwa. Mapaziwo anaima patsogolo pawo.

"Madala," anali mawu a Loris, otsika. "Inu tigwirireni mikanjoyo, isanyowe."

Dzanja lalikulu linawasisita paphewa, ndipo mapazi aja anapitirira.

A Ermete anatsegula maso. Palibe ankawayang'ana. Anatembenuka, napeza Nives ataima kumbuyo kwawo, chikwama chili pamkono, maso ali kumwamba ngati akuwerenga mbalame.

"Mayi, mwamuuza chiyani mwana uja?"

"Zoona."

"Zoona zake ziti?"

"Bambo inu, musanditopetse. Ine ndinadziwa tsiku lomwe munanamiza bambo anga. Munthu wosambira ngati nsomba sayenda padoko atakwapatira khoma. Ndamuuza Loris yekha, ndipo walumbira kuti sauza munthu. Ine umasiye chifukwa cha chikho sindikuufuna."

"Zaka zonsezi? Inu n'kumangondiyang'ana ndikunenepa?"

"Nanga fokachayo ankakukulungirani m'pepala ndani?"

Basi, anapulumuka. Moyo unalipo, ulemu unalipo, Corsica analipo. Anayenera kukondwa, ndipo anayesadi kukondwa, koma chimwemwe chinakana kubwera. Anayang'ana m'dziwe. Timu yonse inali mmenemo, osewera, akuluakulu, wosesa, onse mitu yokhayokha, akuimba nyimbo ya tauni yathu, chikho chikuyenda pamwamba pa manja. Wojambula wa nyuzipepala anali atagwada kutsidya akuwakuwira kuti aunjikane pamodzi, chithunzi chimenecho n'choti chidzapachikidwe m'nyumba iliyonse ya ku Punta Chiara mpaka zidzukulu. Ana onsewo anawamanga zipewa ndi iwo, anawapukuta mamina ndi iwo, anawasokera makabudula ndi iwo. Ndipo mwa anthu onse a timu, wouma anali mmodzi, ataima pambali ngati mlendo wodikira basi. Zinawapweteka, abale. Zinawapweteka kuposa mantha onse a zaka zija.

Anaika mikanjo pampando bwinobwino. Anayenda mpaka zala za kumapazi zinafika pamene sizinafikepo chiyambire, m'mphepete penipeni.

"Bambo inu, mukutani?" anatero Nives.

"Tamverani nonse!" anakuwa a Ermete. Opanda mano mawu ankatuluka ophwanyika, koma anamveka. Nyimbo inazima pang'onopang'ono. "Ine Ermete Olcese sindidziwa kusambira! Sindinasambirepo chibadwire! Ku Corsica sindinapiteko ngakhale pa sitima!"

Tcheyamani anatsegula pakamwa, madzi n'kulowamo.

"Ndiye konzekani, ndikubwera!"

Anthu amati madzi anafika mpaka pamzere wachitatu wa mipando. Sanadumphe ngati munthu, anagwa ngati thumba la ufa likutsika m'lole, ndipo anapita pansi molunjika, osatsutsa. Kumeneko anatsegula maso. Pamwamba pawo panali nkhalango ya miyendo ikupalasa, miyendo imene anakhala akuikalipira moyo wawo wonse osaionapo ikugwira ntchito. Kenako nkhalango yonseyo inatembenuka, mitu pansi, ndipo manja anabwera kuchokera mbali zonse. Wina anagwira lamba, wina kolala, wina khutu. Anatulukira pamwamba akutsokomola, akulavula, maso ali psuu, Loris atawanyamula kumsana.

Ndiye kuseka kumene kunabuka pamenepo! Anthu ankagwa m'mipando. Don Fulvio anaseka mpaka anayamba kumira nawonso. Koma kunali kuseka kwa anthu amene misozi ili m'masaya, ndipo posakhalitsa bwalo lonse linali likuimba dzina lawo.

"Tiwatulutse, tiwatulutse!" anatero dokotala.

"Musayerekeze!" anatero a Ermete, atakakamira khosi la Loris mpaka mnyamata kutulutsa lilime. "Ajambule kaye. Ndili momwemuno."

Mantha sanachoke ngakhale pang'ono, madzi ankawamenya kuchibwano ndipo nthawi iliyonse ankakuwa kuti mayo. Kumtunda, Nives anaika chikwama pansi. Anavula nsapato, naziika pambali pa chikwamacho. Mwana wa msodzi Prospero, ndi diresi lake la maluwa ndi imvi zake, analowa m'madzi ndi mutu osamwaza ngakhale dontho, n'kutulukira pafupi ndi amuna ake.

"Musiyeni mwanayo apume," anatero. Anaika dzanja limodzi kunsi kwa mutu wawo, lina kumsana. "Gonani chagada, chitsiru inu. Yang'anani kumwamba. Ndakugwirani."

A Ermete anasiya khosi la Loris, chala chimodzichimodzi, n'kugona.